Batani Lodinidwa Kawiri

Kalekale, koma osati kale kwenikweni poti makompyuta anali atafika, kampani ina ya njanji inali ndi mlatho wodutsa sitima imodzi basi. Akuluakulu anafuna kuikapo nyali zodziyatsa zokha zouza sitima kuima kapena kudutsa, ndipo analonjeza kuti amene aonetsetse kuti sitima ziwiri sizidzakumana pamlathopo, ndiye adzakhale mkulu woyang'anira nyalizo.

Ndaziona, mayi wa sukulu yake, ankaufuna mpandowo ndi mtima wonse. Anatha miyezi isanu akulemba malamulo onse a nyalizo m'kompyuta, kenaka anaiuza kuti iyese njira iliyonse imene zinthu zingayendere. Kompyutayo inalavula pepala la masitepe makumi anayi, ndipo pa sitepe yomaliza sitima ziwiri zinali mphuno ndi mphuno pakati pa mlatho. Ndaziona anawerenga mpaka mutu kuwawa, nati makinawo akulota, naponya pepalalo m'bini.

Kamwendo, mnzake wa mu ofesi amene Ndaziona ankamuyesa mlesi, analitola. Ankachotsa sitepe imodzi n'kuyesanso, kuchotsa ina n'kuyesanso, mpaka anatsala ndi masitepe asanu okha, ngozi ili pomwepo. Sitepe yachitatu inkati batani la pamlatho lotsegulira sitima njira ladinidwa kawiri motsatizana. Ndaziona anaseka, nati palibe munthu wanzeru zake angachite zimenezo, ndipo Kamwendo naye anavomera.

Tsiku lomwelo kunabwera bambo Zagwa kudzapempha tchuthi. Iwowa anakalambira m'kanyumba ka pamlatho akudina mabatani. Atamva zimene awiriwo ankaseka, anapukusa mutu.

"Kawiri? Ndi mmene timadinira tonse, mayi. Mvula ikagwa batani lija limalimba, ndiye dzanja linazolowera. Ngakhale m'chilimwe timabwereza."

Nyalizo anazikonza asanaziike, ndipo sitima sizinakumane. Koma Ndaziona nsanje inamudya. Akamva anthu akutama Zagwa, munthu wosadziwa ndi poyatsira kompyuta pomwe, ankangochokapo, ndipo anasiya ngakhale kupereka moni kwa Kamwendo. Anapita kwa akuluakulu kukanena kuti popanda iye pepalalo silikanabadwa. Kamwendo anayankha kuti iye analitola m'bini. Zagwa anangoti ophunzira awiriwo anali atagwirizana kale kuti pepalalo n'labodza.

Mpando ndi umodzi, abale anga. Akhalepo ndani: amene anafunsa funso n'kutaya yankho, amene anafupikitsa yankho osalimvetsa, kapena amene analimvetsa chifukwa vutolo linali m'dzanja lake lomwe?