Nyanga za Udzu za Dzoole

Kalekale, m'mudzi wina wa m'nkhalango, munali zikumbu ziwiri za nyanga, pachisuweni. Kamawanga ankakhala mu mkuyu. Anali wochepa thupi, koma nyanga zake zinali zazitali kuposa thupi lonse. Dzoole ankakhala m'chipika chowola. Anali wakuda bii, wadzitho, koma nyanga zake zinkalekeza pakati pa msana.

"Msuweni, zimenezo ndi nyanga kapena ndevu?" ankamuseka Kamawanga.

Dzoole anakonda namwali wa kumkuyu, dzina lake Nangondo. Koma mayi a namwaliyo anali atanenetsa: "Mkamwini wa tinyanga tatifupi pakhomo pano ayi!"

Dzoole anathyola timaudzu tiwiri. Anapaka ulimbo. Anamata, anamata, mpaka nyanga zinatalika. Ankhoswe anayenda, ukwati unatheka, Dzoole n'kupita kuchikamwini.

Koma ntchito yake! Mvula ikayamba, ankati mutu ukuwawa. Dzuwa likatentha, ulimbo unkafewa, iye n'kumayenda atagwirira kumutu.

Tsiku lina masana akuyenda panthambi, anangoona apongozi ake aakazi akubwera. Mukudziwa inu, mkamwini sakumana maso ndi maso ndi apongozi. Athawire kuti? Anaona kauna pakhungwa, n'kulowa. Thupi linalowa. Maudzu anatsala panja!

Apongozi anaima. Anatola maudzuwo. Poti sakanalankhula ndi mkamwini, analankhula ndi mtengo.

"Mkuyu iwe, uwauze alendo akowo kuti ataya katundu."

Dzoole anabisa nkhope m'mikono.

Madzulo Nangondo anafika pakaunapo.

"Bambo, tulukani. Ine ndinadziwa kalekale. Munthu wanji wonunkha ulimbo tsiku ndi tsiku?"

"Amayi ati chiyani?"

"Aseka mpaka kutsamwa. Koma akuti mkamwini wolimbika ngati inu sanamuonepo. Tiyeni kunyumba."

"Aseka?"

"Aa, tulukani inu!"

"Ndituluka mawa."

Mawa lake Nangondo anabweranso. "Mawa." Anabweranso. "Mawa." Tsiku lina anaitana, anaitana, osayankhidwa. Dzoole anali ataboola mbali ina ya nthambi n'kubwerera kuchipika chake, osatsanzika.

Ankhoswe anamulondola konko. "Dzoole, akazi ako akukudikira!"

Iye atamva mawu awo, anaboola chipika mozama, mozama, mpaka mawuwo osamvekanso. Ankhoswe anatopa n'kubwerera. Ukwati unathera pomwepo.

Nthano yanga yalekeza apa. Ukachita manyazi, anzako n'kukukhululukira, tuluka msanga asanatope kukuitana.