Sukulu ya pakhonde pa Nangondo

Ana inu, mwambi sugwa kumwamba ngati matalala. Uliwonse unayamba ndi munthu wina, tsiku lina, mtima utamulemera. Umene ndikufuna kukuuzaniwu unayamba ndi mayi Esinati Nangondo, wa m'mudzi wa Kanyerere, kufupi ndi mtsinje wa Bua.

Nangondo ankaikonda sukulu, koma sukuluyo inamusiya panjira. Ali Folomu 2 bambo ake anamwalira, iye n'kubwerera kumudzi kukagwira khasu. Mwamuna wake, a Lupiya, anapita ku Joni kukagwira ntchito mwana wawo Zelipa akadali kubere, ndipo chimene chinkabwera kuchokera kumeneko ndi makalata, atatu kapena anayi pachaka.

Tsiku lina kalata itafika, Nangondo anaipereka kwa Zelipa, amene anali Sitandade 3.

"Tawerenga, timve zimene akunena bambo ako."

Mwanayo anaigwira kalata chozondotsa. Anaitembenuza uku ndi uku, kenaka n'kuzyolika.

M'mawa mwake Nangondo anamutsatira kusukulu n'kukaima kuseri kwa mpanda wa nkhadze. Anaona ana oposa zana atakhala pansi patsinde pa mbawa, mphunzitsi ali mmodzi yekha, mayi Kaliwo, mawu atasasa chifukwa chokuwa. Buku limodzi ankalimbirana ana asanu ndi atatu. Zelipa anali kumbuyo kwenikweni, kumene bolodi silinkaoneka. Anzake akamaimba "ba, be, bi," naye ankangotsegula kukamwa, uku akujambula pafumbi ndi kamtengo.

"Zaka zitatu mwana wanga akungopita kukaotha dzuwa," anatero Nangondo mumtima. Tsiku lomwelo anamuchotsa.

Sukulu inayamba pakhonde. Choko chinali khala, bolodi linali chitseko, masamu ankawerengera nyemba pa lichero. Poyamba Zelipa ankayasamula, maso ali kunjira. Amayi ake sanathyole mkwapulo. Anatulutsa makalata onse a bambo ake, n'kuwamanga ndi luzi, n'kuwapachika pamwamba pa chitseko.

"Umu muli mawu amene bambo ako analembera iwe wekha," anatero. "Ine sindikuwerengeranso. Ukawafuna, udzawatenge ndi maso ako."

Zelipa sankaidziwa nkhope ya bambo ake, ndipo mawu aja anamulowa mumtima. Anayamba kudzuka yekha kukasaka khala m'mafuwa. Mvula isanathe anatsitsa makalata aja n'kuwerenga mochita kudodoma, chala chili pansi pa mzere: "Mwana wanga Zelipa wakula bwanji? Wafanana ndi ndani?" Anawerenga mzere umenewo kanayi. Nangondo anatembenukira kukhoma kuti mwana asaone misozi.

Zaka ziwiri zinadutsa zokoma. Zelipa ankalemba yekha mayankho opita ku Joni, ndipo amayi a pamudzi ankabwera kuti awawerengere mapepala a kuchipatala. Nangondo ankayenda mapewa ali m'mwamba. "Za kusukulu zija n'zotayitsa ana nthawi," ankatero kuchitsime. "Mphunzitsi mmodzi angawete bwanji khamu lonse lija? Ngakhale mbuzi saziweta chotero."

Koma chaka chachitatu mafunso a Zelipa anayamba kutalika.

"Amayi, bambo alemba kuti anaona nyanja ya madzi a mchere. Mcherewo anathiramo ndani?"

"Ndi mmene Mulungu analengera."

"Nanga mwezi umapita kuti ukamachepa?"

"Iwe, tapita ukatsuke mbale."

Mabuku a Nangondo anali atatha, ena anadyedwa ndi chiswe, ndipo zimene ankakumbukira anali atazikhuthula zonse. Pang'ono ndi pang'ono Zelipa analeka kufunsa. M'mawa uliwonse chitsulo cha kusukulu chikalira, ankaimitsa tsache n'kumayang'ana anzake akudutsa, akuthamangitsana ndi kuimba nyimbo zimene iye sankazidziwa. Ankayang'ana mpaka fumbi litatha.

Nangondo ankaona zonsezi. Ankadziuza kuti akumuteteza mwana ku khamu lija, koma pansi pa mtima ankadziwa chinanso: mwamuna anali kutali, ndipo mwanayu akachoka, pakhonde padzatsala iye ndi nkhuku.

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, awiriwo anapita kukachapa. Mtsinje unali utabwerera pakati, n'kusiya mchenga wautali ndi kadziwe kamodzi m'mphepete mwa bango. Pamenepo anapeza a Chikadza, mlimi wa kudimba loyandikana ndi dziwelo, ataima ndi khasu paphewa.

"Amake Zelipa, musachape apa. Muli kang'ona."

Anakaona kali pamatope, kotalika ngati mkono wa munthu, nthiti zili pamtunda.

"Kangobadwa kumene?" anafunsa Zelipa.

"Ayi mwanawe, chaka chachitatu chino. Kanatsalira muno madzi osefukira ataphwa. Poyamba kanali pabwino zedi: ng'ona zikuluzikulu zimene zimadya tinzake sizinkafika muno, nsomba zinali zake zokha. Koma nsomba zija kanamaliza, achule kanamaliza. Anzake obadwa nawo anapita ndi mtsinje, pano akugwira mbuzi. Ikoka ndi ako mukukaonako."

"Ndiye bwanji osapita kumtsinje?"

"Mchengawu ndi wautali, komanso ukuotcha."

Akulankhula choncho, kang'ona kanatukula mutu. Kanatuluka m'matope n'kuyamba kukwawa pamchenga, kulunjika kumene kunkamveka madzi. Kankayenda pang'ono n'kugona, kukamwa kuli yasa. Khwangwala anatera pafupi n'kumakazungulira. A Chikadza anatsitsa khasu kuti akamalize, koma Zelipa anawagwira dzanja.

"Chonde agogo, kasiyeni kafike."

Zelipa anathamangitsa khwangwala ndi chitenje chochapa, n'kumakatsatira chapatali, mapazi akupsa. Nangondo anaima ndi beseni pamutu, osatha kusuntha. Sankayang'ana kang'ona. Ankayang'ana nkhope ya mwana wake, imene inawala mwa mtundu umene anali asanauone kwa miyezi yambiri. Kang'ona katafika m'mphepete kanangoti chubwi, osaonekanso.

"Kafika, amayi! Kafika!"

Nangondo anatula beseni. Anakhala pamchenga wotentha uja n'kulira, Zelipa osadziwa chimene chawaliza.

Lolemba lotsatira Nangondo anamuperekeza yekha Zelipa kusukulu. Anagwada pamaso pa mayi Kaliwo, amene anali atamva zonse zimene zinkanenedwa kuchitsime.

"Aphunzitsi, ndabwera naye. Zanga zatha."

Mayi Kaliwo anamupatsa Zelipa buku la Sitandade 6, ndipo mwana anawerenga tsamba lonse osapunthwa.

"Mayi, zimene munkanena za sukulu ino sizinali zabodza," anatero aphunzitsi. "Ana ndi ambiri, ine ndili ndekha. Uyu mwamuumba ndinu. Koma tsopano akufunika anzake omutsutsa, ndi mabuku amene inu mulibe. Kunyumba musaleke kumufunsa zimene waphunzira."

Sukulu sinasinthe tsiku limenelo. Mtengo unali womwewo, fumbi lomwelo. Koma Zelipa ankabwera masana mawu ali mbwee, kuwafotokozera amayi ake za mwezi ndi mchere wa m'nyanja, Nangondo akumvetsera ngati mwana wasukulu. Patapita zaka zitatu anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Amayi ake anamusenzera sutikesi mpaka pamsewu, ndipo basi itachoka anaimabe pomwepo nthawi yaitali.

Pobwerera anakumana ndi amayi anzake akuchokera kuchigayo.

"Nangondo, bambo ku Joni, mwana mmodzi yemweyo mwamulolanso kupita? Mutsala ndi ndani?"

Iye anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kuyankha kuti, "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi."

Mawu aja anayenda kuchigayo, kuchitsime, mpaka midzi yakutali, ndipo lero ndi mwambi. Tanthauzo lake ndi lakuti palibe malo amodzi, ngakhale abwino chotani, amene angamupatse mwana nzeru zonse. Kunyumba amaphunzira zina, kusukulu zina, kwa anzake ndi kwa alendo zinanso. Kholo limayamba ndi kumuteteza mwana m'dziwe laling'ono, ndipo limachita bwino. Koma nsomba za m'dziwemo zikatha, chikondi chenicheni ndi kumuperekeza pamchenga wotentha mpaka akafike kumadzi akuya, ngakhale iwe wotsala mtima ukuwawa.