Manambala Ofiira Pakona ya Sikirini

Mu situdiyo ya mayi wina wojambula zithunzi munali kompyuta yakale imene inkapuma mwawefuwefu ngati nkhalamba yokwera chitunda. Mlamu wake, wokonza makompyuta, anali ataikamo kapulogalamu koonetsa kutentha kwa purosesa, ubongo wa makinawo. Manambala ake ankaoneka pakona ya sikirini, ndipo akafiira kankalira kuti tswii tswii.

Tsiku lina masana mayiyo anali kalikiliki kulumikiza vidiyo ya ukwati. Mkwatibwi ankafuna kukaionetsa amayi ake, amene matenda anawalepheretsa kufika paukwatiwo, ndipo m'mawa mwake ankalowa ku opaleshoni. Poti magalimoto ankautsa fumbi pamsewu, mayiyo anali atafunditsa bokosi la kompyuta nsalu yokhuthala, n'kutseka timabowo tonse totulukira mpweya.

Manambala anayamba kukwera, kenako anafiira. Mayiyo anaimbira mlamu wake.

"Alamu, kanthu kanu kaja kakundisokosa. Kafiira ngati maso a chidakwa."

"Zimitsani msanga ipumeko. Kodi simunaifunditsenso ngati khanda?"

"Ndiisiye idye fumbi? Inu osakwatira mungadziwe chiyani za kusamala katundu?"

"Ivundukuleni, alamu, ikubanika imeneyo!"

Mayiyo anadula foni. Anayang'ana kukhomo, n'kuyang'ananso sikirini. Kuzimitsa kukanatanthauza kuyambiranso ntchito yonse, pomwe mkwatibwi anali kale panjira. Anatseka kapulogalamuko. M'chipindamo munati zii, iye n'kudziuza kuti vuto latha.

Vidiyo itatsala pang'ono kutha, fani yoziziritsa makinawo inakhosomola, sikirini n'kungoti bii. Kafungo ka pulasitiki wopserera kanatuluka pansi pa nsalu. Mayiyo anadina batani mobwerezabwereza, koma kompyuta sinayankhe.

Mlamu atafika anatsegula bokosilo n'kupukusa mutu. "Zithunzi zilipo, sizinapse. Koma kuzisamutsira m'makina ena n'kuyambiranso, imeneyo ndi ntchito ya mawa."

Mkwatibwi anali ataima pakhomo, ndipo anamva zonse. Sanakalipe. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye amayi ndikawauze chiyani?"

Mayi wojambulayo anazyolika. Amene ankamuchenjeza anamudulira foni, chimene chinkamulirira anachitseka pakamwa. Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.