Mzere Wotsiriza pa Chipilala

Panali munthu wina, mmisiri womanga, dzina lake Yotamu. Ntchito ankaidziwa, koma kutchuka ankakukonda mopitirira muyeso. Ngakhale akamanga chimbudzi, ankalemba dzina lake pakhoma simenti isanaume, kuti wolowamo adziwe amene wamuchitira chifundo.

Yotamu anali ndi mng'ono wake, Nafitale, wokonza njinga m'mbali mwa msewu. Awiriwa anatha zaka khumi ndi ziwiri osapatsana ngakhale moni. Mukudziwa chifukwa chake? Mtengo umodzi wa mango wa m'malire a minda yawo! Mangowo ankangodyedwa ndi mileme, eni ake ali kalikiliki kusungirana chakukhosi. Mumtima Yotamu ankamusowa mng'ono wakeyo, koma kuti ayambe ndiye kulankhula, ayi, khosi linali louma.

Chaka china mtsinje unasefukira n'kukokolola mlatho. Anthu makumi atatu ochokera kumsika anatsekeredwa pakamtunda, madzi akukwera mbali zonse. Nafitale anadzimanga chingwe m'chiuno, nadziponya m'madzimo, nakachimangirira ku mkuyu wa pakamtundapo. Anthu onse anawoloka atagwira chingwecho. Sanafe ndi mmodzi yemwe.

Mlatho watsopano utatha, anthu anagwirizana zoimika chipilala pamsewu kuti nkhaniyi isaiwalike. Ntchitoyo anaipereka kwa Yotamu, pamodzi ndi pepala la mawu oti alembe: chaka cha chigumula, dzina la mtsinje, ndi maina a komiti yonse yoyang'anira ntchitoyo, mpaka wosunga makiyi. Dzina la wokonza njinga munalibe. Si kuti anachita dala ayi. Wolemba maina sadziiwala yekha, amaiwala anzake.

Yotamu anamanga chipilala chija, nachipaka simenti yosalala, nayamba kulemba ndi msomali. Atatsiriza maina onse, pansi panatsala malo a mzere umodzi wokha. Malowo anawasunga dala. Dzina lake linali litakhala kale pa zimbudzi ndi pa makola a nkhumba, koma lero linali loti likhale pamsewu waukulu, pamene mabasi amadutsa!

Dzuwa la Okutobala linali litaswa mtengo, ndipo simenti inayamba kugwira. Yotamu anagwada, msomali uli m'manja. Atadzutsa mutu anaona mng'ono wake kutsidya kwa msewu, atavula malaya, akumata chubu cha njinga. M'chiuno mwake munkaoneka chipsera chomwe chingwe chija chinamusiyira. Yotamu anachiyang'ana chipseracho, nayang'ananso malo aja. Maina awiri sakanakwanapo.

Anawerama n'kulemba kuti: NAFITALE NDIYE ANAWOLOTSA CHINGWE.

Tsiku lotsegulira, anachotsa nsalu yomwe anaphimbira chipilalacho, ndipo mphunzitsi wamkulu anawerenga mokweza dzina ndi dzina. Pomaliza anawerenganso mzere wotsiriza uja. Kenaka mayi wina, amene anawoloka tsiku lija mwana ali kumbuyo, analuluta nthungululu. Eee, ndiye kunagwa chisangalalo! Ng'oma zinalira, amayi anavina mpaka fumbi kobo, ngakhale a komiti anaomba m'manja ngati nzeruyo inali yawo.

Nafitale anabwera sipanala ili m'manja. Anagwada, nayendetsa chala m'zilembo zija.

"Achimwene, mwalemba ndinu?"

"Nanga msomali umalemba wokha?" anayankha Yotamu.

"Dzina lanu lili pati?"

"Malo anatha, mphwanga."

"Inu, kusowa malo a dzina lanu? Ndiye lero kugwa mvula ya matalala!"

Anaseka awiriwo, atagwirana m'mapewa, mpaka kuseka kunasanduka misozi. Yotamu anamva kupepuka kumene sanakumvepo zaka khumi ndi ziwiri. Mango a chaka chimenecho anadyedwa ndi ana a nyumba zonse ziwiri, mileme n'kugona ndi njala.

Pasanapite sabata, Nafitale anasamutsira chisakasa chake chokonzeramo njinga pafupi ndi chipilalacho. Wapaulendo aliyense akaima n'kuwerenga, iye ankasiya njinga n'kunena kuti, "Nafitale ndine. Koma taonani kuwongoka kwa chipilalachi. Anamanga ndi mkulu wanga, Yotamu. Mmisiri ngati ameneyo simungamupeze." Maina a komiti anthu ankawalumpha powerenga. Dzina limene silinalembedwe lija ndi limene linkatchulidwa tsiku ndi tsiku.

Abale anga, aliyense wa ife ali ndi msomali m'manja, ndi kamzere kamodzi komwe wadzisungira. Pamene ndimafotokozamu, alipo munthu amene mwamukumbukira, amene anakuwolotsani koma simunamutchulepo. Musadikire kukamuyamikira pa mwala wa pamanda, pamene iye sangayendetsepo chala. Pitani lero lomwe. Simenti sidikira munthu.