Diresi Limene Silinakwere Ndege

M'kashopu ka a Telala munkalowa mimba zamitundumitundu, ndipo panalibe mimba imene tepi yawo yoyezera inkaiopa. Mabwana, abusa, akwati, onse ankangomva kuti, "Kwezani manja," n'kukweza ngati ana. Munthu akayesa kukokera mimba m'kati kuti aoneke wowonda, a Telala ankamukwapula pang'ono ndi tepi ija.

"Pumani, achimwene. Mukanamiza tepi, buluku lidzakuyalutsani pagulu."

Koma eni mawuwo anali ndi chawo chimene ankabisa. Mayi a kunyumba atamwalira, misozi isanaume n'komwe, a Telala anadwala m'mimba. Madokotala anadula mbali ina ya matumbo n'kuboola pamimba chakumanzere, ndipo kuyambira pamenepo zotuluka m'thupi zinkagwera m'kathumba komata pakhungu. Kuchipatalako anapita okha, anagona okha, anatuluka okha. Anansi anawauza kuti anapita kukapikula nsalu. Atabwerako anadzisokera majekete otaya m'mimba, anasiya kudya ndi anzawo, ndipo kutchalitchi anasamukira ku benchi ya kumbuyo, pafupi ndi khomo. Masana ankatseka shopu, n'kulowa kuseri kwa katani kukadzisamalira, kenako n'kudya ataimirira, maso ali pa chidole chovekapo zovala.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, namwino, amene ankagwira ntchito kudziko lakutali. Ameneyunso sanamuuze. Mumtima ankati bambo amauza mwana wake wamkazi za mutu, za mwendo, koma osati za chimbudzi. Mwanayo akaimba foni kufunsa kuti ali bwanji, yankho linali limodzi: "Ndili gwa, mayi. Iwe uzisamala odwala akowo."

Pakati pa awiriwa panalinso kabala kena. Tsiku limene mwanayo ananena kuti wapeza mwamuna kumeneko, a Telala anayankha ndi lilime lakuthwa ngati sizasi. Anati munthu wosamudziwa kwawo ndi nsalu yogula mumdima. Mwana analira, foni inaduka. Pambuyo pake anadzimva kulakwa, koma pakamwa pawo sipankadziwa kupepesa. Manja ndiwo ankadziwa. Anamuuza kuti atumize miyezo yake, diresi laukwati asoka okha, ndipo abwera nalo okha kuti adzamugwire dzanja polowa m'tchalitchi. Mwanayo anaseka uku akulira, ndipo mkamwini anatumiza tikiti ya ndege.

Diresi lija analisoka ndi mtima wonse. Mikanda ya pachifuwa anaisokerera umodziumodzi mpaka maso kuchita chidima. Litatha linaima pa chidole chija, mbuu, moti odutsa pamsewu ankasuzumira pawindo.

Ulendo utayandikira, m'shopu munakumana a Dalaivala a takisi, amene ankanyamula anthu opita kubwalo la ndege, ndi mayi Mphunzitsi amene anabwera kudzachepetsa siketi. Nkhani inayamba ndi a Dalaivala.

"Ndiye mukukakwera ndege, a Telala? Konzekani. Aika makina amene amakuona mmene unabadwira. Ulowa m'kati, ukweza manja, iwo akuonerera zonse."

"Bodza ilo," anatero mayi Mphunzitsi. "Amangoona chithunzi cha munthu chopanda nkhope, n'kuonetsa pamene pali kanthu. Ndipo kaya aone, bola kuonedwa kusiyana n'kuphulika m'mwamba. Kumwamba kulibe siteji yoti unene kuti nditsitseni pano."

"Ukakana makinawo ndiye walemba m'madzi," a Dalaivala anapitiriza. "Amakupapasa thupi lonse, m'khwapa, m'chiuno, pamimba, ngati akusankha nkhuku pamsika. Munthu wamkulu ndi ndevu zako!"

Singano inawabaya a Telala pachala. Anayamwa chalacho, kenako analankhula mokweza kuposa mmene anafunira.

"Munthu si katundu. Ine palibe mwana wa munthu amene adzandigwire pamimba."

Mayi Mphunzitsi anaseka mpaka kugwira tebulo. "Inu nomwe? Inu amene mwagwira ziuno za tauni yonse ino?"

"Ine ndimagwira nsalu."

"Nawonso amagwira chitetezo. Ndipo amati ngati uli ndi vuto la m'thupi, umangowauza, amakuthandiza paokha."

"Vuto lanji? Mukundiona ngati wodwala ine?"

Mayiwo anawayang'ana kanthawi, anatenga siketi yawo n'kumapita.

Tsiku la ulendo a Telala anavala suti yawo yabwino koposa, diresi lili m'chikwama chachitali pamkono. Pabwalo la ndege anthu anali pikitipikiti, aliyense ndi womuperekeza, ena akukumbatirana, ena akupukuta misozi. Iwo anaperekezedwa ndi a Dalaivala, amene anangoimika pakhomo n'kubwerera. Pamzere wa achitetezo anauzidwa kuvula nsapato, lamba ndi jekete, n'kuika zonse m'thireyi. Jekete lija litachoka anadzimva ngati nyumba yosasuka denga. Chikwama cha diresi chinalowa m'makina a katundu, chinatulukira mbali inayo, n'kukhala pamenepo kudikira mwini wake.

"Lowani, bambo, mukweze manja," anatero mtsikana woima pa makina ounika thupi.

"M'menemo ine sindilowa."

"Palibe vuto. Mnzanga uyu akusecheni ndi manja."

Anabwera bambo wachitetezo wa imvi zapatalipatali, atavala magolovesi. Anafotokoza mwaulemu pamene ayambire ndi pamene athere. Anagwira mapewa, mikono, msana. A Telala anauma ngati mtengo, thukuta lili kamukamu. Dzanja lija litafika pamimba chakumanzere linaima, ndipo a Telala analiphumitsa ndi mbama, phwa!

Wachitetezoyo sanakwiye. Anatsitsa mawu kuti ena asamve. "Madala, dzanja langa lamva kanthu apa, ndipo sindingakudutsitseni ndisanadziwe. Ngati ndi za kuchipatala, ingondinong'onezani. Mwachiona chitseko icho? Tilowa ine, inu ndi mnzanga mmodzi. Mudzigwira nokha, ife tingoyeza m'manja mwanu, basi mwapita. Timakumana nazo tsiku ndi tsiku."

A Telala anayang'ana chitseko chija. Chinali pafupi, chotuwa, chopanda windo. Anacheuka kumbuyo. Panali mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo, maso ali pa iwo. Panali bambo wa chipewa chachikulu, panali ana. Anaganiza kuti akangolowa m'menemo, onsewa adziwa kuti madala aja ali ndi kanthu. Abale, manyazi akamugwira munthu pakhosi amamulankhulitsa za mtudzu.

"Za kuchipatala ziti? Ndili bwinobwino ine! Mwatenga anthu ngati mbava. Munthu wa msinkhu wa bambo ako ukumugwira pamimba pagulu, ulemu unauika kuti?"

"Zoona, madala, auzeni!" anakuwa wa chipewa uja. "Atizunza mokwanira awa!"

Ena anang'ung'udza movomereza, ena anati madalawo asuntheko anthu akuchedwa. Mayi wina anati iye sangakwere ndege imodzi ndi munthu wokana kusechedwa. Kwa kanthawi a Telala anamva ngati ali ndi gulu kumbuyo kwawo. Koma nthawi ya wa chipewa uja itakwana, analowa m'makina, anakweza manja bwinobwino, anatola nsapato zake n'kumapita osacheuka. Onse amene anavomereza aja anachita chimodzimodzi.

Anabwera mkulu wa achitetezowo, mayi wofatsa. "Bambo, sitikukakamizani. Koma wosasechedwa sakwera. Chipinda chija chilipobe, mukafuna tiuzeni."

"Ndatha kulankhula."

Anawabwezera chikwama cha diresi. A Telala anakakhala pa benchi, nsapato zili m'manja, lamba ali pamwendo. Dzina lawo linaitanidwa pa zokuzira mawu, linaitanidwanso, kenako linaleka. Wachitetezo wa imvi uja ankawaponyera diso mwa apo ndi apo, ngati akuti bwerani, koma iwo anayang'ana pansi. Anakhala pomwepo mpaka ndege ija inasanduka kadontho pawindo.

Atafika kunyumba anaimba foni. Mwana anayankha mosangalala, kumbuyo kukumveka phokoso la anthu okonzekera ukwati.

"Bambo! Mwafika pati?"

"Ndili kunyumba. Amafuna kundivula ulemu pabwalo paja. Ndakana."

Mawu a mwanayo anabwera atazizira. "Aliyense amadutsa pamenepo, bambo. Inenso ndimadutsa. Agogo okalamba amadutsa. Mawa kuli ndege ina, tikonza tikiti."

"Mawa akandigwiranso."

"Ingonenani zoona. Simunamufune mwamunayu kuyambira pachiyambi. Mukanangondiuza, m'malo mondinamiza ndi diresi."

Mawu anafika pamlomo, a Telala anawamva akukankha mano. Anawameza. "Ganiza zimene ukufuna," anatero, ndipo foni inaduka.

Tsiku la ukwati anatsekula shopu ngati masiku onse, koma makina sanalire. Chakumasana mkamwini anatumiza chithunzi, popanda mawu alionse. Mwana wawo anali m'diresi lobwereka. Diso la telala silinama: mapewa anali otaya, m'chiuno munali mogwidwa ndi mapini, ndipo m'munsi linkakwekwereza pansi. Amene anamugwira dzanja anali bambo wina wachilendo, wamtali, akumwetulira ndi mano onse. Mkwatibwi nayenso ankamwetulira, koma maso anali otupa. A Telala anaika foni chafufumimba patebulo, nayang'ana diresi lawo limene anali atalibwezera pa chidole. Analira ngati mwana, popanda wowaona.

Miyezi inadutsa foni ili chete. Chowawa kwambiri n'chakuti m'shopu anasanduka ngwazi. A Dalaivala ankauza aliyense wolowa kuti, "Awa ndiye mwamuna! Anawaimitsa achitetezo onse, anakana kugwidwa." Anthu ankawagwira chanza, ena ankatsutsa, mkangano wa makina n'kuyambiranso, kuseka kuli gwedegwede. Koma dzuwa likapendeka aliyense ankapita kwa ake, iwo n'kutsala ndi chidole chovala zaukwati.

Tsiku lina mayi Mphunzitsi anadikira mpaka onse atatuluka.

"A Telala, ine sindikufunsani kanthu. Koma ndaona majekete anu, ndaonanso benchi imene mumakhala kutchalitchi. Anthu akukuombererani m'manja, komatu manjawo sakhala nanu m'nyumba. Mwana uja ndi namwino, si mlosi. Chimene akudziwa n'chakuti bambo ake anamukana."

Anatuluka n'kukoka chitseko. A Telala anatsala okha, tepi ili m'khosi. Kenako anatenga foni n'kuimbira mwana wawo. Inalira mpaka anaganiza kuti sayankha.

"Ee, bambo."

Sanayambe ndi moni. Anafotokoza zonse, za opaleshoni, za kathumba, za dzanja la wachitetezo, za chitseko chotuwa chija. Ankalankhula maso ali otseka ngati mwanayo ali pamaso pawo. Atamaliza, mwanayo anayamba kufunsa.

"Kuchipatalako anakudikirirani ndani?"

"Palibe."

"Ankakuchapirani ndani?"

"Ndekha."

"Mayo ine, bambo!" Mawu ake anasweka. "Mukudziwa ntchito imene ndimagwira kuno? Matumba amenewo ndimasintha m'mawa uliwonse, pamimba za azibambo a eni ake. Amandithokoza, ena amanditcha mwana wawo. Bambo anga enieni ali okha kuseri kwa katani! Ndikanabwera. Ndikanakuuzani choti mukanene pabwalo paja, mawu ochepa chabe, mukanadutsa ngati wina aliyense."

"Ndinachita manyazi, mayi."

"Manyazi ndi ine? Tsiku la ukwati wanga ndinalowa m'tchalitchi ndikuganiza kuti mumadana nane. Diresi ndinabwereka, bambo, silinavute. Koma bambo sabwerekedwa. Munthu uja anandigwira dzanja, ine dzina lake lenileni ndinalidziwa tsiku lomwelo."

Buluku likang'ambika a Telala ankalisoka, jekete likathina ankalimasula, koma tsiku lija linalibe msoko woti n'kuphwasula. Mwanayo anati abwera tchuthi chake chikakwana, ndipo anawalamula kuti mawa lomwe amutumizire mayina a mankhwala onse amene akumwa. Anavomera ngati mwana wa sukulu.

Foni itaduka anaimirira, anavula diresi lija pa chidole, analipinda bwinobwino n'kuliika m'bokosi. Silinavalidwe ndi munthu. Kenako anapita kukatsekula chitseko cha shopu, ngakhale inali nthawi imene ankakonda kudzitsekera, nakhala pampando pakhomo, akuyang'ana anthu odutsa.

Wachitetezo anawalozera chitseko, mayi Mphunzitsi anawalozera, mwana akanathamanga usiku ndi usana akanadziwa. Koma ululu wa munthu sumveka m'thupi la mnzake, ndipo wofuna kukuthandiza amangoima panja mpaka iwe utanena. Paja akuluakulu anati, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.