Ngumbi Yomwe Idaiwala Kudziwerenga

M'chulu china munali ngumbi yamantha, dzina lake Zagwa, ndipo pafupi ndi chulucho pankakhala Bongololo, katswiri wa mawerengero. Mvula yoyamba itagwa, ngumbi zonse zidakonzeka kuuluka. Mwambo wawo unali wakuti zikatera, zimathothola mapiko n'kutsatana ziwiriziwiri kukayamba mabanja. Zagwa ankaopa chinthu chimodzi: kutsala yekha wopanda mnzake.

"Agogo Bongololo, ndife ochuluka ngati mchenga," adadandaula Zagwa. "Ndidziwa bwanji kuti tonse tipeza anzathu?"

"Nambala ikule bwanji, kaya zikwi kaya mamiliyoni, mitundu yake ndi iwiri basi," adayankha Bongololo. "Ina imagawika pawiri bwinobwino, monga miyendo yangayi. Ina ukaigawa, pamatsala mmodzi."

Atamva zimenezi, Zagwa adaganiza zowerenga ngumbi zonse. Madzulo adakhala pakhomo pa chulu n'kumawerenga anzake akamatuluka: awiri, awiri, awiri. Anzake adamukoka phiko kuti tiye, koma iye adakana, ati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wake ankafuna ayambe wadziwa yankho, kuuluka pambuyo.

Adawerenga mpaka mawu adasasa. Pomalizira padatuluka ngumbi imodzi yaikazi, yokhayokha. Idaima pang'ono n'kumuyang'ana Zagwa, koma iye maso anali pabowo, kudikira wina woti akwaniritse awiri. Ngumbi ija idauluka, ndipo m'chulu mudangoti zii.

"Ndimanena ine!" adafuula Zagwa, akuthamangira kwa Bongololo. "Nambala yathu ndi yotsala mmodzi. Ndachita bwino osauluka."

"Watsalayo ndamuona," adatero Bongololo mwachisoni. "Wathothola mapiko, wazungulira pansi pa mtengo uwo kufuna womutsata, mpaka Chule wamumeza. Koma mdzukulu wanga, powerengapo unadziwerenga iwe mwini?"

Zagwa adawerenganso chamumtima. Pamodzi ndi iye, nambala ija inali yogawika pawiri, ndipo mnzake anali yemwe uja adamuyang'ana pakhomo. Adauluka kuzungulira chulu akuitana, koma anzake onse anali atalowa kale m'nthaka awiriawiri. Adatera pamatope, mapiko akadali pamsana, ndipo adalira kwambiri poti panalibe mnzake woti amutsate akawathothola.

Phunziro: Powerenga anthu, usadziiwale. Ukakhala pambali poopa kutsala wekha, umadzisiya wekha, n'kusiyanso wina amene ankadikira iwe.