Nkhwangwa ya Malizani

Miyambi ina idabadwira kumunda, ina pabwalo la milandu. Uwu umene muumve lero, ana inu, udabadwira pachipala, paja osula zitsulo amagwirira ntchito yawo, pakati pa makala ndi utsi.

M'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Lifidzi mudali mkulu wosula, dzina lake a Kanyenda. Mipeni ndi nkhwangwa zawo zinkadziwika kutali. Alenje ankayenda masiku awiri kudzafuna mpeni wosendera nyama, ndipo ankabwerera akumwetulira. Mpeni ukatha kusulidwa, a Kanyenda ankatema nawo nyanga ya ng'ombe katatu, kenaka n'kumeta nawo cheya cha pamkono pawo. Ukalephera kumeta unkabwerera pamoto, ngakhale mwini wake atakhala pomwepo akudikira.

Munthu amene adaphunzira ntchitoyi kwa iwo ndi Malizani. Adakhala nawo zaka khumi ndi ziwiri. Zaka zitatu zoyamba adangopopa mvukuto wokolezera moto. Pambuyo pake adaphunzira kugwira nyundo, ndi kudziwa kuti chitsulo chimaviikidwa m'madzi chikafiira ngati tsabola wakupsa, osati chisanafike apo kapena chitapitirira. A Kanyenda atamwalira, nyundo yawo idatsala m'manja mwa Malizani, ndipo anthu ankati, "Mkulu uja sadapite. Dzanja lake latsala."

Koma padali munthu wina amene anthu sankamutchula. Mipini yonse ya pachipalapo ankasema ndi a Nankhoma, akazi awo a malemuwo. Iwo ankapita okha kuthengo kukasankha mitengo ya m'banga, n'kuisanjika patsindwi la khitchini yawo kuti iume ndi utsi kwa miyezi yambiri. Sankafulumira. Mtengo wina ankausema mpaka pakati, akaona kamng'alu n'kuuponya pamoto.

Chaka choyamba Malizani sadadandaule. Chaka chachiwiri mbiri yake idakula, ofuna zida adachuluka, ndipo nkhwangwa zinkangounjikana pakona zopanda mipini. Tsiku lina adapita kwa a Nankhoma, n'kuwapeza akupala mpini umodzi ndi phale la botolo.

"Mayi, anthu asanu ndi mmodzi akudikira," adatero. "Simungafulumireko pang'ono?"

"Youma ndi iwiri yokha, mwananga. Inayo idikire mwezi wa mawa."

"Mwezi wathunthu chifukwa cha mtengo? Chodula ndi chitsulo, mayi. Mpini ndi mtengo chabe, aliyense angathe kusema."

A Nankhoma adamuyang'ana, kenaka adaweramiranso pantchito yawo.

"Ngati aliyense angathe, sema," adayankha mosakweza mawu.

Malizani adabwerera mtima uli m'mwamba. Mkazi wake, Sigele, atamva nkhaniyi adati, "Bambo, mawu amenewo mwawalasa nawo mayi aja. Pitani mukapepese." Iye adangoti mayiwo akalamba, nthawi yawo yopuma yakwana. Kuyambira pamenepo ankadula yekha mitengo kuseri kwa mudzi, kusema lero, kukhoma mawa. Mipini yake inkaoneka bwino ndithu, yosalala ndi yowongoka. Njira ya kunyumba kwa a Nankhoma adaisiya, ndipo akakumana nawo ankangopereka moni wa pakamwa.

Chaka chimenecho, mvula ili pafupi, anthu a m'mudzimo adapangana zomanga ulalo pa Lifidzi. Ulalo wakale udakokoloka, ndipo minda yambiri idali kutsidya. Popanda ulalo, mtsinje ukadzaza, kukadakhala kovuta kukapalira. Adasankha mtengo waukulu wa mbawa umene udali pagombe penipeni, woti ukagwa upingase mtsinje wonse. Woudula adali a Chimbalanga, bambo wamphamvu amene ntchito yake idali yogwetsa mitengo.

A Chimbalanga adapita kwa Malizani. "Ndisulireni nkhwangwa yaikulu, yonga ija adandisulira a Kanyenda. Ijayo yatha ndi kunola."

Malizani adagwira ntchitoyo masiku anayi. Adapinda chitsulo, kuchimenya, kuchipindanso, mpaka nkhwangwa idatuluka yoti ngakhale iye mwini adaima kuiyang'ana. Adatema nayo nyanga katatu, ndipo idameta cheya bwinobwino. Tsiku lachisanu adadula nthambi ya m'banga, adaisema, adatenthetsa msuka, uja mchira wa nkhwangwa wolowa mumtengo, n'kuukhoma m'mutu mwa mpini.

Tsiku logwetsa mtengo mudzi wonse udasonkhana kumtsinje. Amuna adakonza zingwe, amayi ankabwera ndi thobwa la ogwira ntchito. Malizani adaima patsogolo, manja kumbuyo, kuti aone bwino. A Chimbalanga adalavulira m'manja, adakweza nkhwangwa, n'kutema. Idalowa mumbawa ngati ikulowa mudzungu. Anthu adakuwa, "Ameneyo ndiye Malizani!" Adatemanso, zibanthu zikuuluka. Malizani adamva kukoma mumtima.

Atatema kakhumi kapena kupitirirapo pang'ono, kudamveka kuti thyo! Mutu wa mpini udang'ambika pakati. Nkhwangwa idaguluka, idauluka ikuzungulira pamwamba pa mitu ya anthu, ndipo idakamenya mtsuko umene mayi wina adasenza potsika kugombe. Mtsuko udaphwanyika, thobwa lidakhuthukira thupi lonse la mayiyo, ndipo iye adagwa chokhala.

Mayiyo adali Sigele.

Malizani sadadziwe m'mene adafikira pomwepo. Adagwira mutu wa mkazi wake, akufunafuna magazi. Magazi padalibe. Nkhwangwa idadutsa pamwamba pa nkhata, malo osakwana chikhatho kuchokera pamutu.

"Ndili bwino, bambo," adatero Sigele akupukuta kumaso. "Ndili bwino. Mtsuko wokha ndiwo wapita."

A Chimbalanga adakatola nkhwangwa ija m'maudzu, adayesa kukamwa kwake ndi chala, ndipo adapeza kuti sidabunthe ngakhale pang'ono. Kenaka adayang'ana chibenthu cha mpini chimene chidatsala m'dzanja lawo.

"Chitsulochi ndi cha pachipala cha a Kanyenda ndithu," adatero. "Nanga mpiniwu ndi wa yani?"

Malizani adalandira zinthu ziwirizo, adaperekeza mkazi wake kunyumba, ndipo masana omwewo adalowera njira ija adaisiya.

A Nankhoma adali pakhonde akusankha nyemba. Nkhani idali itawafika kale. Malizani adakhala pansi chapatali, adaika nkhwangwa ndi mpini wosweka patsogolo pawo.

"Sigele ali bwanji?" adafunsa mayiwo.

"Ali bwino, mayi. Mulungu yekha."

A Nankhoma adatola mpini uja, adaununkhiza, n'kukanikiza chikhadabo pong'ambikapo. Padatuluka kachinyezi.

"Udadula liti?"

"Masiku atatu apitawo."

"Mtengowu ukadali ndi madzi. Ndiponso wadula nthambi yowongoka. Mutu wa mpini umafuna pamfundo, pamene mitsempha ya mtengo yapotana, kuti msuka ukamakankha usapeze njira." Adauika pansi. "Bambo ako aja, a Kanyenda, adasula zaka makumi anayi, koma sadasemepo mpini ndi umodzi womwe. Sikuti sankatha kugwira sompho, kankhwangwa kosemera. Ankadziwa kuti maso awo adaphunzira moto, anga adaphunzira mtengo."

"Ndidalakwa, mayi," adatero Malizani, maso ali pansi. "Ndidayankhula ngati mwana. Ndikadapha mkazi wanga ndi dzanja langa lomwe."

Mayiwo adapitiriza kusankha nyemba.

"Mawu ako adandipweteka, sindikubisira," adatero. "Koma mvula siyembekeza kuti mtima wa nkhalamba uphwe. Lowa m'khitchinimo, utsitse mpini wachitatu kuchokera kukhomo. Kenaka ukaitane a Chimbalanga, ndione manja awo ndi msinkhu wawo."

Malizani adatsitsa mpini wakuda ndi mwaye, wolemera ngati mwala. Akutuluka nawo, a Nankhoma adanyamula nkhwangwa ija ndi manja awiri, adaitembenuza, ndipo adagwedeza mutu.

"Wasula bwino. A Kanyenda akadaona akadakondwa. Koma taona, nkhwangwa ilibe manja, ilibe miyendo. Ngakhale ithwe chotani, singapite yokha kumtengo. Imakhulupirira mpini."

M'mawa mwake mpini udakhomedwa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu mbawa uja udagwa, nsonga yake n'kukagona kutsidya. Mvula idayamba patapita masiku asanu ndi atatu, anthu akuwoloka pouma.

Manja a a Nankhoma adali atayamba kale kuuma m'mfundo, choncho chilimwe chotsatira Sigele adayamba kuwaperekeza kuthengo. Adaphunzira kusankha mtengo, kuudikira, ndi kutaya umene wakana. Kuyambira pamenepo munthu akayamikira mpeni kapena nkhwangwa, Malizani ankamuuza kuti, "Mwayamika theka. Pitani kuseriko kwa osema mipini mukamalize."

Mawu a mayi aja adafala m'midzi ya m'mbali mwa Lifidzi, mpaka adasanduka mwambi umene timanena lero kuti, "Nkhwangwa ikhulupirira mpini."

Tanthauzo lake ndi lakuti palibe munthu, ngakhale waluso chotani, amene amaima payekha. Amene amaoneka ndi kutamandidwa amakhala atatsamira pa wina amene satchulidwa: wophunzira pa amene adamuphikira m'mawa, woyimba pa woomba ng'oma, wosula pa wosema. Tsono inu ana, anthu akadzayamba kukuomberani m'manja, mudzacheuke muone amene wakugwirani. Mukamunyoza ameneyo, luso lanu lomwelo likhoza kudzavulaza anthu amene mumawakonda.